Kalata yotseguka kwa atsogoleri a bungwe lathu la alimi a tiyi ku Mulanje

Kwa a Wapampando, a Mlembi wamkulu ndi a komiti nonse,

Ndikupereka moni mwaulemu kwa inu makolo athu. Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mlembi wa kalabu ina ya kuno kumunsi kwa phiri, chakufupi ndi msewu wopita ku Muloza. Ndinabadwira m'tiyi. Mayi anga anandilera ndi ndalama za masamba, ndipo nane ana anga ndikuwaphunzitsa ndi kamunda komweko. Bungwe lathuli ndimalikonda. Ndalemba poyera chonchi chifukwa nkhani ya kusokonekera kwa mauthenga a bungwe m'magulu a WhatsApp ndinaitchulapo kawiri pa misonkhano, koma maulendo onse awiri inagwera kumapeto, anthu atayamba kale kumanga zitenje kuti azipita. Komanso alembi anzanga a m'mazoni ena akulira kulira komweku, ndiye ndi bwino aiwerenge nawo.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Kale uthenga wa ku ofesi unkabwera pa kapepala, pa njinga, kapena unkadikira kalaliki wa sikelo kuti atiuze pakamwa. Mutatsegula gulu la WhatsApp la bungwe, tonse tinaomba m'manja. Linali limodzi, ma adimini ake tinkawadziwa nkhope. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ndi kukokolola milatho, netiweki itangobwerera ndi pa gulu lomwelo pamene tinkadziwira kuti uje ali moyo, msewu wadukira pakuti, shedi yakuti yopimirapo masamba yapita ndi madzi. Zimenezo sindidzaiwala, ndipo palibe chimene ndilembe m'munsimu chofuna kuti tibwerere ku kapepala.

Koma gulu lija linabereka. Lero m'foni mwanga muli magulu 9 otchula dzina la bungwe lathu. Lilipo lalikulu lija, la alembi, la zoni, la shedi yathu, la ngongole ya feteleza, la amayi, la achinyamata. Lina analitsegula anthu amene anakwiya chaka chimene bonasi inachedwa, ndipo mkwiyo utatha gulu linatsala. Lina lili ndi dzina lofanana ndendende ndi lalikulu, kusiyana kwake ndi kachithunzi kokha. Lililonse linabadwa ndi chifukwa chomveka pa tsiku lake. Chimene palibe ndi munthu amene anakhala pansi kuganiza kuti uthenga uzichoka pati, uzidutsa pati, ndipo ukafika kumapeto ukhale ukadali womwe uja.

Dandaulo langa loyamba ndi la uthenga wakale umene umabwerera ngati watsopano.

Tsiku lina nyengo ya mvula, madzulo ndikupala moto, foni inalira. Pa gulu la shedi panagwa mawu akuti galimoto yotenga masamba siibwera mawa chifukwa msewu waterera, choncho alimi asathyole. Pamwamba pake panali kachizindikiro kosonyeza kuti wachita kutumizidwa kuchokera kwina, koma kalembedwe kanali ka ku ofesi kwenikweni. Ndinasiya ndiwo pamoto n'kuyamba kulemba ma SMS kwa mamembala anga amene ali ndi mafoni a mabatani. Ena ndinawatumira mwana. Kutacha, cha m'ma 9 koloko, tinangomva kulira kwa injini, galimoto yafika pa shedi. Inapeza anthu atatu okha amene uthenga wanga sunawafike. Pofufuza, tinapeza kuti mawu aja analembedwadi ndi ofesi, koma masabata awiri m'mbuyomo, ndiponso ankanena za zoni ina. Bambo wina bandulo inamuthera kwa masiku angapo, atagula ina mauthenga onse analowa pakamodzi, iye n'kuona ngati ndi a tsiku lomwelo, n'kuponya pa gulu la feteleza mwa chifundo. Kuchoka apo unalumphira pa gulu la amayi, kenako pa la shedi, kenako m'manja mwanga.

Bamboyo sindimuimba mlandu. WhatsApp ikamatumiza uthenga kuchoka pa gulu lina kupita pa lina, imaonetsa nthawi imene wafikira, osati tsiku limene unalembedwa. Ngati mkati mwa uthengawo mwangolembedwa kuti "mawa", ndiye kuti mawa lake silitha. Liziyenda mpaka chaka chamawa.

Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo tiyi sadikira munthu. Ukalumpha tsiku lako lothyola, nsonga zimapitirira, tsamba limakhwima, ndipo pa sikelo kalaliki amalibweza kuti ukasankhe. Tsiku limenelo kalabu yonse inataya ndalama, ine ndikuyenda khomo ndi khomo kupepesa.

Choipa kwambiri chinachitika mwezi wotsatira. Ofesi inalembanso kuti galimoto siibwera, ulendo uno zoona. Anthu anati, "Aaa, ndi zomwe zija," n'kupita kumunda. Pali agogo ena m'kalabu mwathu, amasiye, amalera zidzukulu. Analawirira kusanache, mame akuwafika m'chiuno, nathyola dengu lawo mpaka kudzaza thumba. Anakhala pa shedi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nditapita kukawaona, ndinapisa dzanja m'thumba muja, munali mofunda ngati muli mwana wodwala malungo. Masamba anali atayamba kufiira. Agogo aja sanalankhule zambiri. Anangoti, "Mwanawe, ndiye tizimvera uti?" Funso limenelo ndalibweretsa kwa inu monga momwe anandifunsira.

Dandaulo lachiwiri ndi la ife amene timaolotsa uthenga.

Alimi ambiri a m'kalabu mwanga alibe foni ya WhatsApp. Ena ali ndi kafoni ka mabatani, ena amabwereka ya mwana, ena alibiretu. Mwa amene ali nawo, ena ali pa Airtel, ena pa TNM, ndipo kufupi ndi malire kuno alipo amene amasunga simu ya Movitel chifukwa kumene amakhala ndi netiweki ya ku Mozambique imene imagwira bwino. Ndiye pakati pa gulu lanu ndi mlimi pali munthu ngati ine, amene amawerenga, kufupikitsa, kulembanso ndi kutumiza ndi mayunitsi ake. Ntchito imeneyi palibe anandipatsa. Inangondigwera chifukwa ndine mlembi ndipo ndili ndi foni.

SMS imodzi imanyamula zilembo 160 basi. Uthenga wa ku ofesi ukabwera wautali, ndimayenera kusankha chodula. Nthawi zina ndimadula chimene inu munachiona chofunika. Ukabwera wa mawu ojambula, wa mphindi zinayi, bwana akuyankhula ali pa njinga yamoto mphepo ikuwomba, ndimaumvetsera katatu ndili ndi cholembera m'manja, komabe nambala ina imandiphonya. Ukabwera ngati chithunzi cha kalata ya Chingerezi, ndimamasulira ndekha. Mlembi wa kalabu yoyandikana nafe nayenso amamasulira mwake. Pofika pa chigayo, alimi awiri a bungwe limodzi akukangana za tsiku lolandira feteleza, aliyense akuonetsa foni yake ngati umboni. Akuluakulu ananena kale kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Ife alembi sitifuna kukhala a kandimverere, koma dongosolo lilipoli likutikakamiza.

Ndiponso mlatho umenewu ukuyenda mbali imodzi. Mlimi akandiuza pa shedi kuti makilogalamu a pa silipi yake sakugwirizana ndi a m'buku, ndimalemba pa gulu la alembi. Pasanathe ola funso lija lakwiririka ndi moni wa m'mawa, zithunzi za maluwa, uthenga wa maliro ndi zigoli za mpira. Palibe wayankha. Ndikaliponyanso pa gulu lalikulu, ena amati ndikuyalutsa ofesi. Mlimi uja akandifunsa sabata yotsatira, ndimangoyang'ana pansi.

Lachitatu ndi la ndalama, ndipo silifuna mawu ambiri. Chithunzi chimodzi cha mitengo ya masamba chimandifika kasanu ndi kamodzi, kuchokera m'magulu osiyana, ndipo ulendo uliwonse chimadya bandulo ndi malo a m'foni. Chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense pano amawerengera tambala iliyonse. Masiku a chiperoni, dzuwa likabisala masiku atatu, kasola sikatchaja, ndipo timakalipira ku malo ometera kuti foni ipeze moto. Ndiye anthu ayamba kutseka magulu pakamwa kuti asamalire, ena akutulukamo. Amene akutuluka kwambiri ndi achinyamata, omwe aja timawadalira kuti awerengere makolo awo. Magulu akuchuluka, omvera akuchepa.

Lachinayi ndi limene limandisowetsa tulo. Munthu aliyense wolowa pa gulu la WhatsApp amaona nambala za onse amene ali mmenemo. Linki yolowera pa gulu lathu lina yakhala ikuyenda m'mafoni kwa nthawi yaitali, ndipo muli nambala zimene palibe mlembi aliyense akuzidziwa. Chaka chatha mayi wina wa m'kalabu mwathu anaimbiridwa foni ndi munthu womutchula dzina, womutchulira shedi yake, akuti ndi wa ku ofesi, akuti atumize ndalama yolembetsera feteleza pa nambala yakuti tsiku lisanathe. Anatumiza. Inali ndalama ya mayeso a mwana wake. Wakubayo dzina ndi shedi anazipeza kuti? Pa chithunzi cha mndandanda wa bonasi, wokhala ndi mayina, manambala ndi ndalama za munthu aliyense, umene unachoka pa gulu la alembi n'kufika paliponse. Mndandanda womwewo unayambanitsa mabanja ena, ndipo alipo amene anagona ndi mantha podziwa kuti mudzi wonse waona zimene alandira. Dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, komanso la Data Protection la 2024, loteteza mbiri za anthu. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, ulemu wokha ukanatiletsa kuyanika thumba la mnzathu pa msewu.

Mwana wa achemwali anga amaphunzira za makompyuta ku yunivesite ya MUST, ku Thyolo. Atabwera pa tchuthi ndinamudandaulira zonsezi, ndikuganiza kuti andiuza za pulogalamu ina yatsopano. M'malo mwake anandiuza nkhani yakale. Mu 1980, ku America, mayunivesite a Duke ndi North Carolina anayamba kugawana mauthenga kudzera pa njira yotchedwa Usenet. Makompyuta ankaimbirana pa mawaya a telefoni, makamaka usiku pamene mtengo unali wotsika, n'kumapatsirana nkhani zoikidwa m'magulu. Ena mwa maguluwo ankangokopera zokambirana za pa netiweki ina yotchedwa ARPANET. Pasanapite zaka zambiri magulu anachuluka, mayina anasokonekera, ndipo amene ankalipira mabilu a telefoni anayamba kudandaula. Mu 1986 ndi 1987 anawasanja onse m'mabanja 7, lililonse ndi dzina losonyeza ntchito yake, kuti malo aliwonse azitha kusankha zolandira. Anakhazikitsanso mwambo woti gulu latsopano lisabadwe mwachisawawa. Munthu ankayamba wafotokoza cholinga chake, anthu n'kukambirana, kenako kuvota, ndipo ovomera ankayenera kuposa okana ndi mavoti 100. Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti uthenga uliwonse unkayenda ndi chizindikiro chakechake pamodzi ndi tsiku lake, moti kompyuta ikaona uthenga umene inalandira kale, inkaukana. Anandiuzanso kuti amene sanakondwe ndi malamulowo anatsegula mbali yawoyawo yotchedwa alt, ndipo inakula kwambiri.

Ndaphunzirapo ziwiri. Vuto lathuli linagwerapo anthu ophunzira kwambiri kuposa ife, ndiye si lochititsa manyazi. Ndiponso kuletsa anthu kucheza sikutheka. Amayi akafuna gulu lawo, achinyamata lawo, ndi ufulu wawo, ndipo ine ndemwe ndimasangalala nawo macheza amenewo. Chimene ndikupempha n'chakuti mawu a bungwe azidziwika kuti ndi a bungwe.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Pakhale malo amodzi okha olengezera za bungwe, pamene olemba ndi anthu awiri kapena atatu osankhidwa ndi komiti. WhatsApp ili kale ndi njira yoti ma adimini okha ndiwo azilemba. Kuyambira 2022 ilinso ndi chimene amachitcha Communities, chimene chimaika magulu angapo pansi pa denga limodzi, n'kukhala ndi malo amodzi a zolengeza amene onse amawaona. Sizifuna ndalama, zimangofuna chigamulo chanu.

2. Uthenga uliwonse wa ofesi uziyamba ndi nambala yake, tsiku lolembera, ndi zoni kapena shedi imene ukunena. Mawu akuti "lero", "mawa" ndi "mkuja" aleke kugwiritsidwa ntchito okha. Muzilemba dzina la tsiku ndi deti, ndi kunena pamene uthengawo uthere mphamvu. Mfundo yake yeniyeni ikwane m'zilembo 160, m'Chichewa, kuti ine ndizingoutumiza momwe ulili osadulapo kanthu. Ofuna kufotokoza zambiri kapena kujambula mawu atha kutero pambuyo pake, koma kachidule kolembedwako kazitsogola. Ine ndizilemba manambalawo m'kope, ndipo ukabwera wa nambala imene ndinaiona kale ndizidziwa kuti ndi wobwerera. Pempho ili likanakhalapo, agogo aja sakanataya masamba awo.

3. Ofesi ilembe mndandanda wa magulu onse otchula dzina la bungwe, ma adimini ake ndi ntchito yake. Ofanana ntchito aphatikizidwe, amene ntchito yake inatha atsekedwe mwaulemu, eni ake atauzidwa. Wofuna kutsegula latsopano m'dzina la bungwe aziyamba wapempha ku komiti, n'kunena chimene magulu alipowa akulephera kuchita. Mndandandawu uziwerengedwa pa msonkhano waukulu chaka chilichonse.

4. Pa shedi iliyonse pasankhidwe munthu mmodzi wodziwika woolotsa uthenga, ndi womuthandiza akadwala, ndipo bungwe liziwapatsa kangachepe ka mayunitsi. Chabwino koposa, funsani ku makampani a mafoni za njira yotumizira SMS imodzi kwa alimi onse pakamodzi kuchokera ku ofesi. Nkhani zikuluzikulu, monga kusintha kwa mtengo, tsiku la bonasi ndi chenjezo la mvula yoopsa, zizimatidwanso pa bolodi la pa shedi ndi kulengezedwa pa wailesi ya m'dera ngati Mzati, chifukwa wailesi imafika ndi kwa amene alibe foni.

5. Mafunso a alimi akhale ndi khomo lake, lolekana ndi macheza. Mlembi akapereka funso, lizilembedwa, ndipo tiziuzidwa tsiku loyembekezera yankho.

6. Mndandanda wa mayina ndi ndalama za anthu usaponyedwenso pa gulu lililonse. Aliyense aziona zake pa silipi yake. Malinki akale olowera m'magulu asinthidwe, nambala zosadziwika zichotsedwe, ndipo a Wapampando anene ndi pakamwa pawo, pa msonkhano ndi pa wailesi, kuti bungwe silidzapempha mlimi kutumiza ndalama pa nambala ya munthu.

Ndikudziwa kuti muli ndi zambiri pa mutu. Mtengo wa masamba, ngongole ya feteleza, misewu yokumbika, zonsezo n'zolemera kuposa nkhani ya mafoni, ndipo mwina ena mwa inu mukuona ngati ndi zachibwana za ana a masiku ano. Koma mtengo mukaumenyera nkhondo n'kuupeza, umafika kwa mlimi kudzera m'njira yomweyi. Ukafika wolakwika, mlimi saimba mlandu foni. Amati akuluakulu atinamiza. Ndamva mawu amenewo pa shedi, akunenedwa za anthu amene ndikudziwa kuti sananame, ndipo zinandipweteka.

Ndikudziwanso kuti kutseka gulu kumapweteka amene analitsegula. Kwa ena, kukhala adimini ndi udindo wokhawo umene anaupezapo m'bungwe muno, ndipo amaugwira ndi mtima wonse. Musawataye. Ambiri mwa iwo ndi omwewo angakhale oolotsa uthenga abwino pa mashedi, chifukwa anaonetsa kale kuti ntchitoyi amaikonda.

Ndikupempha kuti nkhaniyi ilembedwe pa ndondomeko ya msonkhano ukubwerawu, pamwamba osati kumapeto, kuti mvula ikamadzayamba ndi masamba kuchuluka tidzakhale titagwirizana. Ndili ndi kope limene ndakhala ndikulembamo mauthenga amene anasemphana, gulu limene anachokera ndi chimene chinatayika. Mukandiitana ndidzabwera nalo, ndipo alembi ena awiri a m'zoni mwathu avomera kubwera nane. Agogo aja ndawalonjeza kuti ndikawawerengera yankho lanu ndekha.

Ndatha ine mwana wanu,

Mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi,
Mulanje